Amawaya a pa Chitakale: amayamba ayeza asanakugulitseni kanthu

Anzanga amene mukuyendetsabe magalimoto akale a petulo, aja a mapointi ndi kondensa, pa Chitakale pali bambo ena a mawaya oti mukawaone musanagulenso koyilo ina. Shopu yawo ilibe chikwangwani. Mukafika pamphambano ya msewu wa ku Likhubula mungofunsa anyamata a kabaza kuti amagetsi a magalimoto ali pati, akulozerani kuseri kwa mashopu. Mukapeza kachipinda kamodzi, benchi yakuda ndi oyilo, mabatire akutha ataunjikidwa pakona, ndi mtengo wa mango umene ntchito yonse imagwiridwira pansi pake. Chimene ndikuwayamikira n'chimodzi: sagwira sipanala asanaike mita yoyezera magetsi. Zofooka ali nazo, zina zotopetsa ndithu, ndipo ndizitchula. Koma pa nkhani ya moto wa injini zakale sindinaonepo wina wowaposa kuyambira ku Muloza mpaka ku Luchenza.

Galimoto yanga ndi pikapu ya Datsun 1400 ya m'ma 1980, ya injini ya A14. Magalimoto amenewa ankapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, ndipo anapitiriza kuwapanga mpaka 2008, dzina litasintha kukhala Nissan 1400. N'chifukwa chake masipeya ake sasowa kwenikweni m'mashopu a ku Limbe. Ndimanyamulira nanazi, ndi mapeyala nyengo yake ikakwana. M'malo modzera msewu wa Midima ndimakonda kuzungulira ku Thyolo chifukwa ndili ndi makasitomala pa Bvumbwe.

Matenda ake anali oimitsa mutu, chifukwa m'mawa inkalira mosavuta, kungokhudza kiyi basi. Pachigwa mpaka kufika Luchenza panalibe chodandaula. Zinthu zinkasokonekera pa zitunda zokwera kupita ku Thyolo boma, katundu ali tho, ndili pa giya thu kumbuyo kwa thirakitala ya masamba a tiyi kapena lole yolephera kukwera. Injini inkayamba kudukiza, kenako kutsokomola, kenako zii. Ukayesa kuliza, sitata n'kumangozungulira. Ukakhala m'mbali mwa msewu kanthawi n'kuyesanso, inkalira bwinobwino, yosakumbuka n'komwe zimene yangochita. Koyilo panthawi imeneyo sunkatha kuigwira, ndipo pakamwa pake, polowa waya wamkulu uja, pankanyowa ndi oyilo. Mapointi atsopano pakangotha masabata ochepa ankakhala atasanduka abuluu, mbali imodzi itakumbika kadzenje, inayo itamera kansonga.

Magalaja amene ndinapitako sindiwatchula. Ena anati ndi kabyuleta, n'kuimasula n'kuitsuka. Ena anati ndi petulo wa m'zigubu, amene tonse tamwetsapo magalimoto athu m'malo omwetsera mafuta mukauma. Ena anati mapointi a masiku ano ndi achinyengo, zimene nthawi zina n'zoona, n'kundigulitsa ena. Koyilo inasinthidwa, kondensa inasinthidwa. Aliyense anali ndi chogulitsa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatulutsa mita. Ndi mmene masipeya akwerera kuyambira pomwe kwacha inagwa mu Novembala 2023, kukonza galimoto mongopenekera chonchi kumatha phindu la ulendo wonse wa nanazi.

Bambo a pa Chitakale anamvetsera nkhani yonseyi osandidula mawu, akupukuta m'manja. Atatsegula boneti sanayang'ane n'komwe kabyuleta. Ananyowetsa kasanza ndi petulo, n'kupukuta koyilo mpaka zilembo za m'mbali mwake zinaoneka: USE WITH EXTERNAL RESISTOR. Kenako chala chawo chinatsata waya wochokera pa + ya koyilo, n'kukaima pa kamfundo kokulungidwa ndi tepi yakuda. Pambali pa kamfundoko, pa chitsulo cha bodi, panali kabowo kopanda kanthu, penti yozungulira pamenepo itada ndi kutentha kwakale.

"Achimwene, apa panali kanthu koyera. Kanapita kuti?"

Kanthuko ndinkakadziwa. Nthawi ina m'mbuyomo galimoto inkangolira pamene ndapotoza kiyi, ndikangomusiya n'kuzima. Makaniko wina anachotsa kachidutswa koyera kaja, n'kupota mawaya ake pamodzi, galimoto n'kulira. Anati kameneko n'ka mayiko ozizira, kuno kalibe ntchito. Nditafotokoza zimenezi bambowa sanamunyoze mnzawoyo.

"Ameneyo anakuthandizani kuti mukafike kunyumba. Kulakwa kwake n'koti sanakuuzeni kuti mubwerenso."

Kachidutswa kameneko ndi ballast resistor, kochepetsa magetsi opita ku koyilo. Ngakhale anali ataona kale vuto, sanafune kuti ndingokhulupirira za pakamwa pawo. Anatuma mnyamata kukatenga mita, ija yachikasu yotsika mtengo imene imagulitsidwa paliponse. Choyamba anagundanitsa tinsonga take tiwiri, mita n'kuwerenga 0.3. Anati nambala imeneyo ndi ya mawaya a mita yomweyo, tiziichotsera pa chilichonse chimene tiyeze. Ine sindinaonepo makaniko wina akuchita zimenezi, pomwe pa zinthu za ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chimatchingira magetsi) ochepa chonchi 0.3 si yaing'ono. Atamasula mawaya a pa koyilo anayeza pakati pa + ndi -, mita inati 1.7, kutanthauza ma ohm 1.4. Anabwezera mawaya, ine n'kuliza injini, iwo n'kuyeza pa + ya koyilo: mavolti pafupifupi 14, onse amene alternator ikutulutsa.

Anatenga choko n'kulemba pa benchi, 14 kugawa ndi 1.4, poti mavolti ukagawa ndi ma ohm umapeza ma amp, kuchuluka kwa magetsi odutsa mu waya.

"Inu munapita kusukulu. Yankho n'chiyani?"

"Teni, bambo."

"Ma amp 10. Mapointi amapirira 4, akalimba mtima 5."

Kwa amene simunazitsatepo, nkhani yake ili motere. Mkati mwa koyilo muli mawaya awiri okulungidwa pa chitsulo chimodzi. Woyamba ndi wonenepa, wozungulira maulendo mazana ochepa. Wachiwiri ndi wowonda kwambiri, wozungulira maulendo masauzande ambiri. Mapointi akatsekeka, magetsi a batire amadutsa mu waya woyamba n'kusandutsa chitsulocho maginito. Mapointi akatseguka, mphamvu ya maginito ija imagwa nthawi imodzi, ndipo kugwa kumeneko kumabala mavolti masauzande ambiri mu waya wachiwiri, okwana kulumpha kampata ka pa pulagi n'kuyatsa petulo. Kondensa ntchito yake n'kumeza moto umene ukanalumpha pa mapointi pamene akutseguka. Njira imeneyi ndi ya Charles Kettering wa kampani ya Delco. Inayamba m'magalimoto a Cadillac cha m'ma 1910, ndipo inayendetsa magalimoto a petulo ochuluka zedi mpaka m'ma 1970 pamene za electronic zinayamba kulanda malo. Pa injini ya masilinda anayi ngati yanga, ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, mapointi amatseguka ndi kutsekeka ka 100 pa sekondi iliyonse. Tizitsulo tiwiri tating'ono timeneto ndi timene timadula magetsi onsewo, ndiye magetsi akachuluka, toyamba kupsa ndi tomweto.

Funso limene ndinali nalo, ndipo mwina inunso muli nalo, n'lakuti opanga magalimoto anaikiranji koyilo yosapirira mavolti onse a batire kenako n'kumaiteteza ndi resistor, m'malo mongoika yopirira. Yankho lili pa sitata. Sitata imakoka magetsi ambiri zedi, ma amp opitirira 100, ndipo pamene ikuzungulira, batire la mavolti 12 limagwa kufika pa 10 kapena 9, makamaka likakhala lotopa kapena kunja kukazizira. Koyilo ya ma ohm 3, imene siifuna resistor, imalandira zochepa panthawi yeniyeni imene injini yozizira ikufuna moto wamphamvu. Ndiye anapanga koyilo ya ma ohm pafupifupi 1.5, yokhutira ndi mavolti ochepa, n'kuika panjira yake resistor ya ma ohm ofanana nayo. Injini ikamalira, resistor imadya gawo la mavolti n'kulisandutsa kutentha, koyilo n'kulandira mlingo wake. Koma pa masekondi aja mwapotoza kiyi kuti sitata izungulire, pali waya wina wolambalala resistor, wopereka ku koyilo zonse zimene batire latsala nazo. Mavolti 9 kapena 10 amene ndi njala kwa koyilo ya ma ohm 3, kwa iyi ndi phwando. Mukasiya kiyi njira yolambalala imaduka, magetsi n'kubwereranso kudzera mu resistor. Pa magalimoto ena waya wolambalalayu amachokera pa solenoid ya sitata. Pa yanga amachokera ku switch ya kiyi.

Zoti n'za mayiko ozizira zili ndi kachoonadi pang'ono. Koma wonena zimenezo sanagonepo m'munsi mwa phiri la Mulanje mu June kapena July, chiperoni chitagwira masiku, chinyezi chitalowa mpaka mu kapu ya distributor, chogawira moto ku mapulagi. M'mawa woterowo moto wofooka suliza galimoto, mumangodzutsa anthu kuti akukankheni. Ndipo ngakhale kukanakhala kuti kuno sikuzizira, kuchotsa resistor sikusintha koyilo. Imakhalabe ija ya ma ohm 1.4, kungoti tsopano ikumwa zonse tsiku lonse, osati masekondi ochepa a poliza. N'chifukwa chake yanga inkalira bwino kwambiri m'mawa.

Masamu ake ndi osavuta. Koyilo ya 1.4 ndi resistor ya 1.6 zikaphatikizana zimakwana ma ohm 3, ndipo 14 kugawa ndi 3 sizifika ma amp 5. Popanda resistor ndi 10 uja. Magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kwa mkati mwa koyilo sikuwirikiza kawiri ayi, kumawirikiza kanayi. Injini ikamathamanga kwambiri magetsi sapeza nthawi yokwera mpaka pamapeto mapointi asanatseguke, ndiye pachigwa koyilo inkapumako. Ikamazungulira pang'onopang'ono mapointi amakhala otsekeka kanthawi kotalikirapo pa ulendo uliwonse, magetsi n'kukwera mpaka pamwamba. Tsono ganizirani chitunda cha ku Thyolo: liwiro lochepa, mphepo yolowa m'boneti yochepa, injini yatentha, ndipo chifukwa cha katundu mu silinda muli mothinana, zimene zimafuna mavolti ambiri kuti moto ulumphe pa pulagi. Koyilo inkapemphedwa zambiri pamene yatentha mopitirira. Ikazizira m'mbali mwa msewu inkatsitsimuka, kenako n'kuyambiranso.

Bambowa ntchito anaiphunzirira m'galaja ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, nthawi imene ma Peugeot 504, ma Land Rover ndi ma Cortina anali mbwee m'misewu. Salankhula zambiri, koma mukawafunsa funso lolunjika amayankha mokwana. Anandichenjeza za kulakwa kwina kotembenuza. Munthu amapita ku Limbe n'kunena kuti akufuna koyilo ya Datsun, wogulitsa n'kumupatsa ya ma ohm 3, iye n'kukaimanga pa galimoto imene ili kale ndi resistor. Pamenepo palibe chimene chimapsa, koma moto umafooka. Ma ohm onse afika 4.5 kapena kuposa, ma amp atsikira cha ku 3, galimoto imalira koma ikamakoka imadukiza, mapulagi n'kumada. Ndiye anthu amathamangiranso ku kabyuleta. Makoyilo onse awiri pa katoni amalembedwa 12V, ndipo maonekedwe ake n'chimodzimodzi. A Bosch ankathandiza ndi mtundu: yabuluu siifuna resistor, yofiira imafuna. A Lucas amasiyanitsa ndi manambala: DLB101 ndi ya ma ohm 3, DLB102 ndi ya 1.5. Koma ambiri amene ali m'mashopu lero alibe dzina lodziwika, ndipo chonena zoona pa iwo ndi mita yokha. Chovuta china n'chakuti pa ma Cortina ndi magalimoto ambiri a ku Britain ndi ku America a m'ma 1970, resistor si kachidutswa koonekera. Ndi waya wapadera wobisika mkati mwa mtolo wa mawaya, ndiye munthu amasuzumira m'boneti n'kuganiza kuti palibe.

Njira yodziwira imene anandionetsa ndi iyi. Kiyi pa ON, injini yozima, mapointi otsekeka, muyeze pa + ya koyilo. Mita ikaonetsa pafupi ndi mavolti a batire, ndiye kuti resistor palibe. Ikaonetsa zotsika kwambiri, cha m'ma 6 mpaka 9, ilipo. Mapointi akakhala otseguka mita imaonetsa 12 ngakhale resistor ilipo, chifukwa magetsi sakuyenda ndiye palibe chimene ikudya. Anati amisiri ambiri amanamizidwa pomwepa. Ndipo poyezapo osachedwa. Kusiya kiyi pa ON injini itazima, mapointi atatsekeka, mwina mukumvera mpira pa wailesi, kumawotcha zinthu zomwezo ngakhale pa galimoto yabwinobwino.

Ma resistor anali nawo awiri m'chitini cha mkaka wa ufa. Ina yatsopano, m'kapulasitiki kopanda dzina. Ina yakale, yobenthuka pakona, yochotsedwa pa Datsun ina imene inatha ntchito. Anayeza zonse ziwiri ine ndikuona, zili zozizira, chifukwa ma resistor ena amakwera ma ohm akatentha. Yatsopano inapereka ma ohm osakwana 1, yakale 1.6. Anaitembenuza yakaleyo n'kundionetsa kumbuyo kwake, mmene muli kawaya kopiringizika kogona m'kangalande ka dothi loyera lowotchalo, kuti ndione ndekha kuti sikanaduke kapena kudyeka ndi dzimbiri.

"Tengani yakale, achimwene. Yatsopanoyi ndi ya galimoto ina."

Yakaleyo ndi imenenso inali yotsika mtengo. Wogulitsa wokukankhira chotchipa mwa ziwiri zimene ali nazo sapezeka tsiku ndi tsiku.

Koyilo anati yatha, poti ikangoyamba kutulutsa oyilo ndiye kuti masiku ake awerengeka. Analibe ina pashopupo. Anaimbira foni munthu wawo ku Limbe, inabwera pa minibasi, ndipo asanaimange anaiyeza kaye pa benchi pomwepo, atauza wotumizayo kuti ikakhala ya ma ohm 3 ibwerera ndi minibasi yomweyo.

Kumanga anamanga mosamala. Resistor anaibwezera pa kabowo kake, pa chitsulo, kutali ndi paipi ya petulo. Imatentha mwachibadwa, moti mukaigwira injini itayenda ikuwotchani, koma kutentha kumeneko si matenda, ndiyo ntchito yake. Mawaya sanangopota n'kukulunga tepi. Anaika timakonekita tatsopano n'kutifinya ndi pulayala, aliyense n'kumukoka kuona ngati wagwira. Waya wolambalala uja anali atapotedwera limodzi m'kamfundo ka tepi, ndiye anamupatula n'kumuika kumbali ya resistor yopita ku koyilo. Akaikidwa mbali inayo palibe chimene amalambalala. Chimene chinandisangalatsa ndi mmene anayesera. Anazula waya wobweretsa magetsi ku resistor, n'kundiuza kuti ndilize. Injini inagwira, ndipo nditasiya kiyi inazima.

"Ndiye kuti wolambalala ali moyo," anatero, n'kubwezera wayayo.

Mapointi atsopano anayamba awapukuta pakamwa ndi kapepala koyera kuchotsa mafuta a ku fakitale. Mpata wake anauyeza ndi feeler gauge, 0.5 mm, osati ndi kakatoni ka fodya kapena msumeno wa chitsulo mmene ena amachitira. Anapaka kagirizi pang'ono pa cam ya distributor kuti chidendene cha mapointi chisadyeke msanga, kenako anakonza timing ndi nyale yake. Kondensa anaisiya, anati ilibe mlandu. Injini ikulira, mita pa + ya koyilo inaonetsa pakati pa 9 ndi 10. Anati n'zoyenera, chifukwa mapointi akutseguka ndi kutsekeka ndiye mita ikungoonetsa zapakati.

Chichitikire ntchitoyi galimoto yadutsa m'chiperoni, yadutsanso m'dzuwa la mwezi wa Okutobala, ndipo zitunda za ku Thyolo ikukwera ndi katundu osazima. Ndikafika pa Bvumbwe koyilo imakhala yofunda, yoti dzanja n'kukhalapo. Mapointi ndi omwe aja, pakamwa pake ndi potuwa ndi posalala. Mphamvu sinawonjezereke, petulo ikumwa chimodzimodzi. Amene angakuuzeni kuti resistor imapulumutsa mafuta akukunamizani. Imangoletsa kuti zinthu zisapse. Mtengo wa resistor ndi ntchito yonse pamodzi, kupatula koyilo, sunafike wa koyilo imodzi mwa zimene ndinagula kale. Amalandira kashi, Airtel Money ndi Mpamba.

Tsono zofooka. Chachikulu ndi kudikira. Mita sapatsa mnyamata aliyense, chilichonse choyeza amayeza okha, ndiye magalimoto akachuluka mumakhala pansi pa mango paja mpaka mthunzi utasuntha. Mzere weniweni palibe. Wobwera pambuyo panu, akakhala mnzawo wakale wa ku esiteti, amatha kuyambiridwa inu muli pomwepo. Foni ikalira kuti lole yafa pa msewu wa ku Muloza, amakwera kabaza n'kupita, galimoto yanu boneti ili yasa, osanena kuti abwera nthawi yanji. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nanazi zakupsa sizidziwa mwambi umenewo. Musapiteko ndi katundu wowola. Mvula ikagwa, ndipo kuno imagwa, ntchito imaima chifukwa palibe shedi.

Masipeya sasunga kwenikweni, kupatula tinthu tam'zitini: mafyuzi, makonekita, mabulashi a alternator, ma relay akale. China chilichonse n'choitanitsa, kutanthauza kuti ntchito ya ola limodzi imatha kugona. Lisiti sapereka. Kwa ine zilibe kanthu, koma kwa woyendetsa galimoto ya mpingo kapena ya bungwe, amene akufunika kukaonetsa pepala, ndi vuto. Anyamata awo nawonso sanafike pa mlingo wa bwana wawo. Amene anamanga bulaketi ya koyilo yanga sanalimbitse bawuti, ndipo ndinamva ikugogoda ndisanafike patali. Nditabwerera bambowa anamanga okha, n'kumukalipira mnyamatayo pamaso panga mpaka ine ndi amene ndinachita manyazi. Ndiye musanachoke, gwedezani ndi dzanja chilichonse chimene anyamata akhudza.

Pali pamene sindigwirizana nawo. Ndinawafunsa za distributor ya electronic, imene imapezeka ya Nissan 1400 ndipo imachotseratu mapointi ndi kondensa. Anangoti pakamwa mwee. Maganizo awo ndi akuti mapointi akavuta pakati pa minda ya tiyi usiku, kasandipepa ndi sikuludilaiva zimakufikitsa kunyumba, pamene module, yolowa m'malo mwa mapointi, ikafa imafa mwakachetechete ndipo mumafuna chokukokani. Zimenezo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti mapointi abwino akusowa, ndipo anthu odziwa kuwakonza akukalamba limodzi ndi magalimotowo. Kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku, kusayezanso mpata wa mapointi si chinthu chochepa. Nditawakakamiza anavomera kuti amamanga ndithu munthu akabwera nayo, ndipo anatchula chimene ambiri amalakwitsa: ma module ambiri amafuna mavolti 12 athunthu, ndiye waya wake azitengedwa resistor isanafike, ndipo iliyonse imanena ma ohm a koyilo imene ingagwirizane nayo. Kungotaya resistor chifukwa mapointi achoka kumatha kuwotcha module yatsopanoyo. Kudziwa amadziwa, kungoti amagwira akung'ung'udza.

Magalimoto atsopano a kompyuta, aja ofuna makina owerengera matenda, amakana poyera n'kukuuzani kuti mupite ku Limbe kapena ku Blantyre. Pamenepo sindiwaimba mlandu. Ndi bwino kusiyana ndi amene amalandira chilichonse n'kukaphunzirira pa galimoto yanu.

Resistor nayonso imafa. Kawaya kake kamaduka ndi kutentha ndi kugwedezeka kwa misewu yathu, ndipo imafa popanda chenjezo. Chizindikiro chake ndi chija: injini imagwira pamene mwapotoza kiyi, mukangomusiya n'kuzima. Zikakuchitikirani panjira, bambowa akuti kulumikiza mbali ziwiri za resistor ndi kawaya n'kololedwa, koma kuti mukafike pamene pali thandizo basi, ndipo injini isamangolira galimoto itaima. Ine ndinagulanso ina yakale ya ma ohm 1.6 imene anaipeza pambuyo pake, ili m'bokosi la masipanala limodzi ndi mapointi ndi kondensa.

Mukafuna kupitako, tengani zonse zimene munachotsa kale pa galimotoyo, makoyilo ndi mapointi opsa, chifukwa amakonda kuziona ndipo zimawafupikitsira ntchito. Batire likhale lochajidwa, apo ayi miyeso yonse imasokonekera. Ndi a Adventist, ndiye Lachisanu masana amayamba kulongedza zida ndipo Loweruka musadzivute, simuwapeza ngakhale pafoni. Tsiku labwino ndi Lamlungu m'mamawa, malole ndi maminibasi asanayambe kufika.